Kulumikiza Zoimbira ku Ampulifaya ya M'nyumba

Ampulifaya, kapena kuti chokuzira mawu, ndi chipangizo chimene chimalandira mawu ofooka kuchokera ku choimbira n'kuwapatsa mphamvu zoti agwedeze masipika. Payokha siimba kanthu. Imadalira zimene mwailumikiza nazo, monga TV, dekoda, foni, kompyuta, choimbira ma CD, choimbira makaseti kapena galamafoni. Kumbuyo kwake kumakhala mabowo ambiri ooneka mofanana, koma kulowa kwa pulagi sikutanthauza kuti bowolo ndi loyenera. Chofunika n'kudziwa mtundu ndi mphamvu ya mawu amene choimbiracho chimatulutsa.

Mapulagi a RCA

Zoimbira zambiri zimalumikizidwa ndi chingwe cha mapulagi awiri a RCA. Dzinali ndi la kampani ya Radio Corporation of America, imene inayamba kuwagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1930. Pulagi yofiira imanyamula mawu a sipika ya kumanja, yoyera a kumanzere. Yachikasu ndi ya zithunzi, choncho ilibe malo pa ampulifaya ya nyimbo zokha. Chingwe chimachokera pa bowo lolembedwa OUT pa choimbira kupita pa bowo lolandira la ampulifaya.

Mabowo olembedwa CD, TUNER ndi AUX amagwira ntchito mofanana, ndipo mayinawo ndi ongothandiza posankha choti mumvere. Dekoda ikhoza kulowa pa CD popanda vuto. Choimbira makaseti chokha n'chimene chimafuna zingwe ziwiri: china cha PLAY chobweretsa nyimbo, china cha REC chopititsa mawu okajambulidwa pa kaseti.

Bowo la PHONO

Bowo ili ndi la galamafoni basi. Singano ikamayenda m'mizere ya chimbale imatulutsa magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi mamilivoti 5, pamene choimbira ma CD chimafika mavoti 2. Kuwonjezera apo, podinda chimbale amachepetsa dala mabesi kuti mizere isadye malo ambiri, n'kukweza mawu aang'ono kuti apose kaphokoso ka chimbalecho. Muyezo wa kachitidwe kameneka unakhazikitsidwa mu 1954 ndi bungwe la Recording Industry Association of America. Kuseri kwa bowo la PHONO kuli kachipangizo kokweza mawu ofookawo ndi kubwezeretsa mabesi m'malo mwake.

N'chifukwa chake galamafoni ikalumikizidwa pa AUX imamveka chapansipansi, mopyapyala, yopanda besi. Choimbira ma CD chikalowa pa PHONO chimaphokosera mosasa, mwinanso kuwononga masipika. Ampulifaya yopanda bowoli imafuna kabokosi kapadera kotchedwa phono preamp pakati pake ndi galamafoni, ngakhale magalamafoni ena atsopano amabwera nako m'kati. Kawaya kakang'ono kochokera ku galamafoni kamangidwe pa kasikuluu kolembedwa GND. Kakasiyidwa lende, masipika amangoti huu mosalekeza, kutsatira kugunda kwa magetsi a m'nyumba, amene ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi a 50 Hz.

Foni ndi kompyuta

Izi zimatulutsa mawu pa kabowo ka mahedifoni ka mamilimita 3.5. Pamafunika chingwe chokhala ndi kapulagi kameneka mbali ina ndi mapulagi awiri a RCA mbali inayo. Voliyumu ya foni ikwezedwe ndithu, kenaka muziwongolera pa ampulifaya, chifukwa foni ikakhala pansi mumakweza ampulifaya mopyola, ndipo kaphokoso ka shii kamakwera nawo. Mafoni opanda kabowoka, monga iPhone 7 ya mu 2016 ndi ena ambiri a pambuyo pake, amafuna adaputa kapena kabokosi kolandira Bluetooth kolumikizidwa pa AUX.

Mawu a dijito

Ma TV ambiri a masiku ano alibe mabowo a RCA otulutsira mawu. M'malo mwake ali ndi bowo la OPTICAL, limene limathwanima kakuwala kofiira m'kati. Njira imeneyi, yotchedwa TOSLINK, inayambitsidwa ndi kampani ya Toshiba mu 1983, ndipo mawu amayenda ngati kuwala m'kachingwe ka pulasitiki kosafuna kupindidwa kwambiri. Palinso bowo la COAXIAL, looneka ngati la RCA koma nthawi zambiri la mtundu wa lalanje. Ampulifaya yakale siimva mawu a dijito oterewa pokhapokha atadzera m'kabokosi kotchedwa DAC, kamene kamawasandutsa mawu wamba. Pa TV pasankhidwe mawu a mtundu wa PCM, popeza ma DAC ambiri a masipika awiri satha kumasulira a mtundu wa Dolby Digital.

Kusamala polumikiza

Ampulifaya izimitsidwe ndipo voliyumu itsitsidwe musanazule kapena kulowetsa chingwe chilichonse, chifukwa pulagi ikagunda bowo magetsi ali oyaka, masipika amalira mwadzidzidzi, phu, mwamphamvu zoti n'kuwang'amba. Mawaya ochokera pa mabowo a masipika a wailesi ina asalowetsedwe pa AUX, popeza mphamvu yake ikhoza kuwotcha ampulifaya. Poyatsa yambani ndi choimbira, ampulifaya pomaliza. Pozimitsa yambani ndi ampulifaya. Sipika imodzi ikakhala chete, sinthanitsani pulagi yofiira ndi yoyera pa ampulifaya. Vuto likasamukira ku sipika inayo, ndiye kuti cholakwika ndi chingwe kapena choimbira, osati ampulifaya.