Thanki yachiwiri: mibadwo itatu ya njinga zamoto kwathu

Mukaima pa Katete Stores m'mawa, njinga zamoto zimene mungawerenge zambiri ndi Bajaj Boxer ndi TVS. Anyamata athu amazidziwa ngati chikhatho chawo: kuimika njinga chilili, kuzimitsa injini, kudikira pang'ono, kusolola dipstick, kupukuta, kuviika, basi oyilo waoneka. Njira imeneyi ndi yolondola pa Boxer. Koma pa njinga zina zimene zayenda m'misewu yathu, nzeru yomweyi ikhoza kukuphetsani injini. Chifukwa chake chili m'mbiri.

M'nthawi ya Northern Rhodesia, Chipata ikadali Fort Jameson, njinga zamoto zambiri zinkachokera ku Britain: BSA, Triumph, Norton, Matchless. Azungu a boma ndi amishoni ankazikonda chifukwa zinkalowa kumene galimoto inkalephera. Zambiri sizinkasunga oyilo pansi pa injini. Zinali ndi thanki yapadera pambali, pansi pa mpando, ndipo mapampu awiri ndiwo ankagwira ntchito: ina yotumiza oyilo mu injini, ina yomubweza kuthanki. Amakanika amati dry sump. BSA M20, imene asilikali a Britain anakwera kwambiri pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, inali yotere. Woikwera ankaliza injini, n'kutsegula chivundikiro cha thanki, n'kusuzumira. Akaona oyilo akubwerera, ulendo uyambe. Akapanda kumuona, ankazimitsa msanga.

Njinga zimenezi zinali ndi khalidwe limodzi lopusitsa. Zikakhala masiku osalizidwa, oyilo ankatsika pang'onopang'ono kuchoka m'thanki n'kukadzaza pansi pa injini. Munthu akasuzumira njinga ili yozizira, ankaganiza kuti oyilo watha, n'kuthira wina. Injini ikalira, pampu inkabweza wakale uja, thanki n'kusefukira.

Mbadwo wachiwiri unachokera ku Japan. Mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu, Yamaha inayamba kuika pampu yotchedwa Autolube pa njinga zake za two-stroke. Kale eni njinga zotere ankasakaniza okha oyilo ndi petulo m'thanki imodzi, ndipo akalakwitsa muyeso injini inkavutika. Autolube inabweretsa kathanki kakekake ka oyilo wa 2T, pampu n'kumapima yokha. Kampani ya BSA itagwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Yamaha DT125 ndi AG100 zinayamba kufalikira. Ndizo zimene ambiri a ife tinakula tikuziona ndi alangizi a zaulimi ndi antchito a zaumoyo, zikufuka utsi wabuluu m'njira za ku Sinda, Chanida ndi Vubwi.

Apa thanki yachiwiri ili ndi tanthauzo lina. Oyilo wake sabwerera. Amapsa pamodzi ndi petulo. Choncho amachepa tsiku ndi tsiku, ndipo mwini njinga ayenera kuyang'ana kawirikawiri, makamaka asanayambe ulendo wautali. Thanki ikauma, pisitoni imakakamira pakati pa msewu. Kuthira oyilo pambuyo pake sikukwanira, chifukwa mpweya umakhala walowa mu pampu ndipo uyenera kutulutsidwa kaye. Komanso giyabokosi ili ndi oyilo wakewake, amene ambiri ankamuiwala poona kuti kathanki kaja n'kodzaza.

Mbadwo wachitatu ndi umene tili nawo manje. Honda CG125, imene inatuluka mu 1975, inapangidwira mayiko ngati athu, kumene njinga imanyamula katundu wolemera ndipo sipita kawirikawiri kwa makanika. Oyilo wake yense, pafupifupi lita imodzi, amakhala pansi pa injini. Njinga za ku India ndi ku China zimene zadzaza m'matauni mwathu zimatsata njira yomweyo. Zatipeputsira moyo, koma zatiphunzitsanso kuganiza kuti njinga zonse n'zofanana.

Thanki yachiwiri sinafe ayi. Yamaha XT500 ya 1976 inabisa oyilo m'chitsulo cha fulemu, dipstick n'kukhala kutsogolo pafupi ndi chiwongolero. Yamaha XT600, Honda XR650L ndi Suzuki DR-Z400 nazonso ndi dry sump, chimodzimodzi njinga zambiri za Harley-Davidson ndi galimoto ya Porsche 911. AG100 ndi DT125 zakale zikugulitsidwabe pamtengo wokopa mnyamata amene wangogulitsa soya kapena nshawa zake.

Ngati njinga yanu ndi dry sump, musapime oyilo injini ili yozizira. Ilizeni mphindi zingapo kuti itenthe ndiponso kuti pampu ibweze oyilo kuthanki. Zimitsani, imikani njinga chilili pamalo osapendekeka, pimani musanachedwe. Buku la njinga yanuyo ndilo limanena ngati dipstick iyenera kupotokoledwa mpaka pansi kapena kungokhazikidwa. Mukathira, thirani pang'ono, pimaninso. Oyilo wopitirira muyeso amatulukira kusefa ya mpweya, njinga n'kuyamba kufuka ndi kutsamwa.

Kwa ambiri kuno njinga yamoto si chokongoletsa. Ndiyo imalipira sukulu ya mwana, ndiyo imathamangitsa mayi wodwala kupita ku St Francis usiku, ndiyo imanyamula anthu opita ku Mkaika nthawi ya Kulamba. Kukonza injini yokakamira kumadya ndalama za masabata ambiri. Choncho pogula njinga yakale, tisathamangire kufunsa liwiro lake. Tifunse kaye kuti oyilo wake amakhala kuti, ndipo amabwerera kapena amapsa. Wogulitsa akalephera kuyankha, pitani nayo kwa makanika wachikulire amene anagwirapo DT125 musanatulutse kwacha iliyonse.