Udani wa Makolo m'Nthano ya Saki

Hector Hugh Munro, amene analemba nthano zace ndi dzina lakuti Saki, anabadwira ku Burma m'caka ca 1870, naphedwa ndi cipolopolo ku France m'mwezi wa November 1916, pa Nkhondo Yaikuru yoyamba. M'buku lace lina, losindikizidwa mu 1919 iye atafa kale, muli nthano yaifupi yochedwa The Interlopers, ndiko kunena olowerera za eni.

Nthanoyo icitika usiku umodzi wokha, m'nkhalango ya ku mapiri a Carpathian, koma muzu wace uli kutali. Masiku a agogo ace a Ulrich von Gradwitz kunali mlandu wa malire. Bwalo linalanda kadziko kena kwa a banja la Znaeym, nilikapereka kwa a Gradwitz. Koma ogonjawo sanabvomere ciweruzoco. Anapitirirabe kusaka nyama momwemo, ndipo cidani cinafikira mbadwo wacitatu. Codabwitsa ncakuti kadzikoko kanali kopapatiza, kotsetsereka, kopanda ndi nyama zambiri zomwe.

Mlembi afotokoza zakalezi m'mau owerengeka poyamba peni peni, pakuti popanda izo wowerenga sakadadziwa cotengetsa mfuti Ulrich usiku wamphepo wotere. Ulrich sali kulonda agwape ai. Ali kufuna Georg Znaeym, amene adadana naye kuyambira ubwana pa mlandu umene onse awiri anaupeza pobadwa.

Tsono akomana maso ndi maso, yense mfuti m'manja. Azengereza pang'ono, popeza kuombera mnansi osanena kanthu nkobvuta kwa munthu woleredwa mwaulemu. Pomwepo mphepo igwetsa mtengo waukuru, nuwapsinja onse awiri. Ali gone, mwazi uli cucucu, ayamba kuopsezana, yense nati anyamata ace ndiwo adzayamba kufika. Koma kuzizira ndi ululu zifewetsa mtima wa Ulrich, napempha mnzace kuti amweko vinyo wace. Georg akana, pambuyo pace nalola cibwenzi. Apa mpamene mbiri ya makolo ija igwira nchito yace koposa: ciyanjano ca anthu okangana dzulo lokha sicikadalemera cotere. Georg aganiza za anthu a pamsika, m'mene adzadabwire poona Znaeym ndi Gradwitz alikuyenda pamodzi, cinthu cosaonekapo ndi munthu ali yense wamoyo.

Apfuula pamodzi kuitana thandizo. Ulrich aona zithunzi zilikutsika phiri mothamanga, nakondwa. Koma zitayandikira, aona kuti si anthu ai, ndi mimbulu.