Dimba la pakhomo m'dzinja: madzi, matenda ndi tizilombo

Mu Lusaka mvula imagwa kuyambira mu Novembala kufikira mu Malici, pafupifupi mamilimita 800 pa caka, ndipo yambiri imagwa mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Ambiri a ife amene tili ndi kadimba kuseri kwa nyumba timayesa kuti imeneyi ndi nyengo yopumula, popeza sitigulanso madzi othirira. Koma repu, kabici ndi tomato zimakula bwino m'nyengo youma, pamene timathirira tokha. M'dzinja zimavutika, ndiye cifukwa cake mtengo wa tomato umakwera pa Soweto Market mvula ikalimba.

Vuto loyamba ndi madzi enieniwo. Kanyama ndi Chawama ndi malo athyathyathya okhala pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi. Mvula ikagwa masiku otsatizana, madzi amasowa kolowera, amangoima pabwalo. Mbali zina za George n'cimodzimodzi. Mizu nayo imapuma mpweya, conco ikamira masiku awiri kapena atatu mbewu imafota ngakhale ili m'madzi, masamba amacita cikasu, mizu n'kuola. Pa mapuloti otsetsereka, monga ena a ku Matero ndi Mtendere, madzi amathamanga n'kukokolola dothi lapamwamba pamodzi ndi manyowa. Fetereza wa urea naye sacedwa kutsukika, ndipo ndi bwino kuika pang'onopang'ono kusiyana ndi kuthira yense tsiku limodzi.

Cothandiza ndi kukweza mbewu. Bedi la m'dzinja likhale lokwera masentimita 20 kapena 30, ndi kangalande m'mbali kocotsa madzi. Kumene madzi amafika pakhomo la nyumba, bedi silithandiza. Kumeneko tibzale m'masaka, m'zidebe zoboola pansi kapena m'matayala akale, n'kuziika pa njerwa.

Pali cifukwa cina cacikulu cokwezera ndiwo. Madzi osefukira m'makomboni mwathu amasakanikirana ndi za m'zimbudzi zokumba. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inavutitsa kwambiri Kanyama, ndipo ya 2023 mpaka 2024 inacititsa kuti Heroes Stadium isanduke cipatala. Masamba amene amizidwa ndi madzi otere ndi otaya, ngakhale aoneke obiriwira bwanji. Tikudziwa kuti kutaya ndiwo n'kowawa pamene ndalama zili zosowa, koma tomato kapena kabici wodyedwa wosaphika wa pa bedi lotero angagonetse banja lonse. Zotsala zimene madziwo sanazikhudze tizitsuke ndi madzi othira klorini ndi kuziphika zipse.

Cinyezi cimabweretsanso matenda. Pa tomato pamagwa ciwawu: mawanga akuda pa masamba, tsinde ndi zipatso, ndipo kukakhala mitambo masiku angapo cingathe kumaliza mzere wonse m'sabata imodzi. Madontho a mvula akamenya pansi amathovukira pa masamba a m'munsi atanyamula matenda. Conco timangirire tomato ku timitengo, tithyole masamba okhudza pansi, tiyale udzu wouma pa bedi, ndipo tisagwire mbewu zikali zonyowa. Pa repu ndi kabici, cikasu coyambira m'mphepete mwa tsamba n'kumalowa m'kati ngati cilembo ca V ndi cizindikiro ca matenda oola amene alibe mankhwala. Mbewu yotero izulidwe, isaponyedwe pa kompositi, ndipo pamalopo pabzalidwe zina caka camawa.

Kunena za tizilombo, mvula imatithandizako. Nsabwe za m'masamba ndi tiakangaude tofiira ta pa tomato zimacepa mvula yamphamvu ikazitsuka, koma zimabwerera kukacita ng'amba. Zimene zimaculuka ndi nkhono ndi mbozi. Pali mbozi yotuwa imene imadula mbande pa tsinde usiku, masana n'kubisala m'dothi. Tikapeza mbande yagwa m'mawa, tifukule ndi cala pafupi ndi tsinde, tidzaipeza itadzipinda. Timbozi tobiriwira ta pa repu ndi kabici timadya kunsi kwa tsamba, n'kusiya timawindo toonekera kuwala.

Tizilombo tiwiri ndi tacilendo, tonse tinaoneka m'Zambia mu 2016. Tuta absoluta anacokera ku South America. Kambozi kake kamalowa m'kati mwa tsamba ndi m'cipatso ca tomato, mmene mankhwala ambiri opopera safika, conco tsamba la mizere yoyera lithyoledwe msanga ndi kukwiriridwa. Fall armyworm imakhala m'kati mwa nsonga ya cimanga. Kwa ife a mapesi makumi awiri kapena atatu, kuitola ndi manja kapena kuthiramo mcenga wosakaniza ndi phulusa n'kokwanira.

Pa mankhwala ndi pamene ambiri timataya ndalama. Tikapopera, mvula imatsuka, ndiye tipoperanso, mawa lake wina wathyola repu ya nsima. Botolo lililonse lovomerezeka limanena masiku odikira tisanakolole, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala otere ndi ZEMA. Mankhwala opimidwa m'tibotolo topanda cizindikiro tisagule, ndipo tisasungire mankhwala m'botolo la zakumwa pamene pali ana. Pa kadimba ka pakhomo, kuyendera mbewu m'mawa uliwonse ndi kutembenuza masamba kumagwira nchito kuposa pampu. Madzi a sopo pang'ono, kapena a masamba a nimu oviikidwa usiku wonse, amacepetsa nsabwe.

Ndiwo zoyenera dzinja ndi zathu zomwe: cibwabwa, bondwe, kalembula ndi delele. Zimakonda kutentha ndi mvula, tizilombo ta kabici sitizivutitsa, ndipo kalembula amangofuna kudula nsonga n'kubzala pa mzere wokwera. Cibwabwa cingathe kukwera pa mpanda kapena pa denga la khola, kutali ndi matope. Mbewu ya repu ndi kabici tiisungire kumapeto kwa Malici kapena mu Epulo, nthaka ikayamba kuuma, pamene nazale siolanso ndi cinyezi.