Ana Akakhala Kuti pa Holide? Zofunika Kudziwa Makolo Amene Analekana

Masukulu ambili m'Zambia amatseka katatu pa caka: mu April, mu August ndi mu December. Kwa mwana amene makolo ake analekana, masiku amenewa amabwela ndi funso lovuta: ndikakhala kwa amai kapena kwa atate? Nthawi zambili yankho limapezeka mocedwa, pa foni, usiku wa tsiku lotsekela, makolo atakwezelana kale mau, mwana ali pomwepo akumva zonse. M'mipingo yathu mabanja otele alimo ambili, ndipo taona kuti mikangano yoculuka imabwela cifukwa cosapangana nthawi ikalipo. Pano tasonkhanitsa zimene makolo, ankhoswe ndi akulu a mpingo afunika kudziwa.

Zimene lamulo linena

Lamulo lalikulu loona za ana m'dziko lathu ndi Children's Code Act ya 2022. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, coyamba kuganizila ndi ubwino wa mwanayo. Cikwati cikatha, udindo wa atate ndi amai pa mwana wao sukutha. Lamuloli lifunanso kuti maganizo a mwana amveke, molingana ndi msinkhu wake.

Cikwati ca mwambo cimathela ku Local Court, pamene cikwati colembetsa ku boma cimathela ku High Court. Ngati khoti inagamula kale kumene mwana azikhala ndi masiku amene kholo linalo lizimuona, cigamuloco ndico coyambilapo. Amene afuna kuti cisinthe ayenela kubwelelanso ku khoti. Kubisa mwana kapena kukana kumubweza kumangoonjezela mlandu.

Mwambo naonso uli ndi mau ake. Kwa Acewa ndi Ansenga ana amawelengedwa ku cikazi, ndipo amalume amafunsidwa. Kwa Angoni, makamaka kumene malowolo anapelekedwa, ana amawelengedwa ku cimuna. Ndi bwino kudziwitsa acibale a mbali zonse ziwili zimene mwapangana, koma mwambo usakhale cifukwa comanila mwana kholo lake lina.

Njila zogawila masiku

Holide iliyonse imatenga pafupifupi mwezi. Njila zimene mabanja ambili amatsata ndi zitatu.

Yoyamba ndi kugawa holide pakati: milungu iwili kwa amai, iwili kwa atate. Imayenda bwino ngati makolo akhala m'tauni imodzi kapena m'midzi yoyandikana.

Yaciwili ndi kupatsana holide yathunthu. Kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 500, ulendo wotha tsiku pa basi, ndipo ndalama zake si zocepa. Apa ndi bwino kuti mwana apite kamodzi n'kukakhalitsa, mwacitsanzo April kwa kholo limene akhala nalo, August kwa linalo.

Yacitatu ndi kusinthana masiku a cikondwelelo. Caka cino Khrisimasi kwa amai, Caka Catsopano kwa atate. Caka camawa mutembenuze. Citani cimodzimodzi ndi Pasaka ndiponso tsiku lobadwa la mwana. Ngati banja lina limapita ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August, kapena ku msonkhano wa mpingo, lembani masikuwo pasadakhale.

Msinkhu wa mwana umasintha zonsezi. Woyamwa kapena wamng'ono kwambili amavutika kukhala milungu yambili kutali ndi amene amamulela. Kwa iye ndi bwino kuonana kawili-kawili kwa nthawi yaifupi. Amene ali m'kalasi yolemba mayeso kumapeto kwa caka afunika malo owelengela pa holide ya August. Wacinyamata ali ndi anzake, kwaya ndi zocita zake. Mufunseni maganizo ake, koma musamuuze kuti asankhe pakati pa atate ndi amai. Katundu ameneyo ndi wa akulu.

Zolemba pa pepala

Pangano la pakamwa limaiwalika, ndipo aliyense amakumbukila mbali yomukomela. Lembani, musaine nonse awili, aliyense asunge lake. Pakhale izi:

- tsiku ndi nthawi yotenga mwana ndi yomubweza, komanso malo ake;
- amene adzamupelekeza pa ulendo, ndi amene adzalipila basi popita ndi pobwela;
- masiku ndi nthawi zimene mwana azilankhula pa foni ndi kholo limene lili kutali;
- amene adzagula yunifomu, nsapato ndi mabuku a temu yotsatila;
- cocita ngati mwana wadwala, kapena kwagwa malilo kumbali ina;
- munthu amene nonse mumamukhulupilila, woti mumuitane mukasemphana.

Mwana abwelele kukali masiku awili kapena atatu masukulu asanatsegule, kuti apumule ndi kukonza zake.

Ulendo ndi thanzi

Mwana wamng'ono asakwezedwe basi yekha n'kungomusiya m'manja mwa kondakitala. Ngati ulendo udzadutsa malile, monga pa Mwami polowa m'Malawi, pa Chanida polowa m'Mozambique kapena pa Chirundu polowa m'Zimbabwe, konzani mapepala a ulendo a mwana ndi kalata yosonyeza kuti kholo linalo lavomela. Kutulutsa mwana m'dziko mobisa ndi nkhani yaikulu.

Holide ya December imagwa m'nyengo ya mvula, pamene malungo amaculuka. Onetsetsani kuti kumene mwana akupita akagona mu neti. Ngati amamwa mankhwala tsiku lililonse, monga ma ARV kapena a khunyu, apite nao okwanila masiku onse, ndipo munthu wamkulu mmodzi kumeneko adziwe nthawi yomwela. Wosakwana zaka zisanu apite ndi khadi lake la ku kiliniki.

Zimene zimapweteka mwana

Musatume mwana kukapempha ndalama kwa kholo linalo, ndipo akabwela musamufunse za m'nyumba ya kumeneko ngati kazitape. Musanyoze mnzanu iye akumva, pakuti theka la magazi ake ndi la munthu ameneyo. Ndalama zothandizila mwana zikacedwa, nkhaniyo ipite kwa ankhoswe kapena ku khoti; mwana asasanduke cikole. Kwa amene munakwatila kapena kukwatiwa ndi munthu amene ali kale ndi ana, akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mlendo wamng'onoyo apeze pogona pake ndi mbale yake, asabwele kudzakhala wanchito wa pa holide.

Pamene pali nkhanza

Zonse tanenazi ndi za makolo amene mwana ali wotetezeka kwa onse awili. Ngati pali kumenya, kugwilila, ucidakwa woopsa, kapena mwana akuonetsa mantha aakulu popita kwina, musamukakamize. Pitani ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Nambala ya Childline, 116, ndi yaulele.

Mbali ya mpingo

Abusa ndi akulu a mpingo angakhale mboni pa pangano, ndipo pabwalo la chalichi pangakhale malo abata opatsilana mwana ngati makolo sakwanitsa kufikilana pakhomo. Sitingasinthe cigamulo ca khoti, ndipo pa nkhani imeneyi sitikhala kumbali ya mwamuna kapena ya mkazi. Tikupempha makolo kuti akhale pansi pakati pa temu, kukali mwezi wathunthu masukulu asanatseke. Mukagwilizana, muuzeni mwana tsiku lopita ndi tsiku lobwela, kuti pamene anzake akuwelenga masiku otsala, nayenso aziwelenga mosangalala.