Chigumu cha amayi ndi mbiri ya buledi kwathu ku Kasina

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, lero ndilembako mbiri yomwe simuipeza m'silabasi. Kwathu ku Kasina mawu akuti buledi ankatanthauza zinthu ziwiri. Panali buledi wa tirigu wa kugolosale, wodya pa Khirisimasi kapena munthu akadwala. Ndiye panali buledi wathuwathu, chigumu, ena amati chikondamoyo, chomwe malemu amayi anga ankaphika Loweruka lililonse.

Ine ndimati chigumu ndi chakudya cha posachedwa, ngakhale timachiyesa cha makolo. Chimanga chenichenicho chinachokera ku America kudzera mwa Apwitikizi, ndipo makolo athu akale ankadalira mapira ndi mawere. Kuwotcha ufa wofufumitsa kunadza ndi amishoni. Azibambo Oyera anakhazikika ku Mua mu 1902, ku Bembeke mu 1910, kenaka ku Kasina m'ma 1920, ndipo iwo ankafuna tirigu, wa patebulo ndi wa Ukalisitiya. Tirigu amalola kumapiri kozizira ngati kwathu kuno, ku Tsangano ndi ku Neno, koma sanakhalepo wochuluka. Mpaka lero pafupifupi tirigu yense wa buledi m'Malawi muno amachokera kunja.

Ndiye amayi a m'midzi anachita zawo. Tirigu palibe, uvuni wa njerwa palibe, koma mgaiwa ulipo, nthochi zilipo, soda wafika m'sitolo. Uvuni anaupanga ndi sefuliya.

Amayi ankatere. Nthochi zikapsa mpaka makoko kuda, ankazikanya m'beseni ndi manja, n'kuthira mgaiwa, mchere, soda wa kunsonga ya supuni, ndi chambiko chikapezeka. Shuga ankati ngwa anthu osadziwa kusankha nthochi. Mu sefuliya ankayala tsamba la nthochi lowaula pamoto, kuthira phalalo, kuvundikira ndi chidutswa cha lata, n'kuunjika makala ndi zitsononkho zoyaka pamwamba. Pansi moto wochepa, pamwamba wambiri. Ukasinthanitsa, chigumu chimapserera pansi chili chachiwisi pakati. Ankabaya ndi kaudzu, kakatuluka kouma ndiye chapsa.

Anzanga a sayansi mudziwa chomwe chimachitika umo. Soda akakumana ndi kuwawasa kwa chambiko ndi nthochi amatulutsa mpweya womwe umafufumitsa phala. Koma chimanga chilibe ulimbo uja wa mu tirigu wogwira mpweyawo, n'chifukwa chake chigumu chimakhala cholemera. Chidutswa chimodzi ndi tiyi m'mawa wa Juni, chifunga chitakuta phiri, umafika masana osamva njala. Buledi wa kugolosale sangachite zimenezo.

Chigumu chili ndi mbiri ya ndalamanso. Maphunziro a pulayimale asanakhale aulere mu 1994, fizi yanga ndi ya alongo anga awiri inkachokera mu sefuliya imeneyo. Amayi ankadula zidutswa n'kukagulitsa pafupi ndi tchalitchi Lamulungu anthu akamatuluka ku Misa. Ndikudziwa kuti ambiri a inu munaphunzira ndi zitumbuwa kapena mandasi a amayi anu, koma m'mabuku athu a mbiri mumangopezeka fodya, tiyi ndi thonje.

Chaka chimodzi chokha ndi chomwe sefuliya inakhala pathandala osagwira ntchito: njala ya 2002, pomwe pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pangozi. Ufa wa nsima unkasowa, nanji wa chigumu. Anthu ankadya madeya, ena mpaka kukumba zitsa za nthochi zomwe zija. Nthochi zinatenga nthawi kuti zibwerere m'dimba mwathu.

Zaka zaposachedwapa zinthu zatembenuka. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 tirigu anakwera mtengo, kwacha n'kugwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mabanja omwe ankachinyoza chigumu kuti n'chachimidzi anayamba kufunsa kaphikidwe kake. Vuto ndi lakuti amayi athu sankayeza ndi kapu, muyeso unali m'manja mwawo. Kwathu wotsala nawo ndi mlongo wanga wamkulu yekha, ndipo chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira amayi amatiphikira mu sefuliya yomwe ija, yomwe tsopano inabooka m'mbali.

Teremu ino ndatuma ana a Fomu 3 kuti akafunse agogo awo za chakudya chimodzi: anaphunzira kwa yani, chaka chanji, ankachitcha chiyani. Mwana wina wabwera kale ndi dzina lachitatu, chimimina.