Zaka Zana Pamaso pa Sikelo

Agogo anga aakazi, a kwa Mfumu Kasakula ku Ntchisi, apitirira zaka 100. Iwo sawerenga zaka ndi kalendala ayi, amaziwerenga ndi ogula mbewu.

Akuti ali buthu, Ntchisi inkatchedwa Visanza. Makolo awo ankasenza fodya wa chikopa kupita naye kumsika wa Native Tobacco Board, bungwe limene atsamunda anakhazikitsa mu 1926. Mtengo ankatchula ndi wogula. Mlimi ankalandira mashiling'i ake, n'kulipira msonkho, otsalawo n'kugulira mchere ndi nsalu kusitolo ya Mmwenye.

M'zaka za m'ma 1950 kunadza malamulo a malimidwe. Alangizi ankayendera minda, ndipo wolephera kuunda mizere yopingasa ankalipitsidwa chindapusa. Agogo amavomereza kuti mizereyo inateteza nthaka ya m'mapiri mwathu. Chimene chinkawawa chinali kukakamiza.

Mu 1962 kunabwera Farmers Marketing Board. Mu 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, kunabwera ADMARC. Kuyambira mu 1987 boma linalola amalonda wamba kugula mbewu, ndipo mavenda anafika ndi masikelo awo mpaka pakhomo.

Ife ogwira ntchito m'boma timatcha zonsezi kusintha kwa ndondomeko. Agogo amaziona mwina. Anandiuza kuti, "Mdzukulu wanga, ogula onsewa ndawaona, koma sikelo sindinaigwirepo."

Munda umene unawalera tsopano wagawidwa pakati pa zidzukulu zambiri. Chaka chino nazonso zidzaima pamaso pa sikelo, kudikira kumva mtengo.