Kalata ya kumudzi ndi mtolo wa msilikali

Mayina a makampu a asilikali athu ndi mapu a maulendo a agogo athu. Ku Lusaka kuli Arakan ndi msewu wa Burma, ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Chipata kuli Gondar. Palibe dzina la kuno pamenepa. Tug Argan ndi malo a ku Somaliland kumene gulu la Northern Rhodesia Regiment linamenyana ndi asilikali a Italy mu Ogasiti 1940. Gondar ili ku Ethiopia, ndipo enawo ali ku Burma, dziko limene lero timati Myanmar. Nanga munthu amene anapita kutali chonchi, akwawo ankamutumizira chiyani?

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, katundu wopita kwa asilikali sanali mphatso. Nkhondoyo inafika kumalire a kumpoto, cha ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, kopanda njanji kapena msewu wabwino. Atsamunda analamula mafumu kuti apereke ufa ndi amuna ousenza. Amunawo ndiwo amtengatenga. Aliyense ankasenza mtolo wa makilogalamu pafupifupi 27, ndipo ulendo ukatalika ankadya gawo lalikulu la mtolowo asanafike. Ambiri anafa ndi matenda ndi njala, minda kumudzi ili gone. Chama ya Asenga, dziko la mafumu monga Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, pa nthawi ya atsamunda inali pansi pa Boma la Lundazi, ndipo malamulo a Boma ankafika kumidzi kudzera kwa mafumu.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, zinthu zinasintha. Amuna athu anawoloka nyanja, ndipo mtolo wa pamutu sukanafika ku Madagascar kapena ku Burma. Chakudya ndi yunifolomu ankapereka ndi akuluakulu a nkhondo. Chimene sakanatha kupereka ndi mawu a kwawo: kodi mvula yagwa, mayi ali moyo, mkazi akudikirabe? Boma linaona kuti msilikali wosamva za kwawo amafooka, ndiponso mudzi wosamva za ana ake umakana kupereka ena. Nyuzipepala ya Mutende, imene inayamba mu 1936 ndipo inkalembedwa m'Chinyanja ndi zinenero zina, inkasindikiza makalata a asilikali. Mu 1941 boma linatsegula wailesi ku Lusaka youlutsa nkhani za nkhondo. Ngati mumamvera ZNBC lero, dziwani kuti muzu wake ndi umenewo.

Apa ndi pamene ana a sukulu akulowera. Anthu ambiri kumidzi sankadziwa kuwerenga, choncho kalata inkadutsa m'manja mwa mphunzitsi kapena mwana wa sukulu ya mishoni. Mwanayo ankawerengera agogo mokweza, iwo n'kumuuza zoyankha, iye n'kulemba. Panalibe kalabu kapena satifiketi, koma inali ntchito yotumikira mudzi. Kwa anzathu ku America ntchito yotere inakonzedwa bwino: bungwe la Junior Red Cross linayamba mu 1917, ndipo ana a sukulu ankaluka zovala ndi kusonkhanitsa zinthu zothandiza asilikali awo.

Musaganize kuti ndi nkhani yakale chabe. Kuyambira mu 2015 Zambia yakhala ikutumiza asilikali ku Central African Republic pansi pa United Nations, ambiri ku Birao, pafupi ndi malire a Sudan. Amakhala miyezi yambiri kumeneko, ndipo ena ataya moyo komweko. Zoona, pali foni ndi WhatsApp, koma uthenga wa pafoni umachokera kwa abale okha. Kalata ya mwana amene msilikali sakumudziwa imanena china: kuti dziko silinamuiwale.

Sukulu ya sekondale ku Chama, ku Matero kapena ku Kapata ingachite zimenezi popanda ndalama zambiri. Ophunzira angalembe makalata m'Chisenga, Chinyanja kapena Chibemba, n'kuwonjeza kathumba ka mpunga wa ku Chama kapena mtedza, atayamba afunsa akuluakulu a Zambia Army zimene zimaloledwa ndi njira yotumizira. Tsiku labwino lilipo kale: 29 Meyi, lokumbukira asilikali osungitsa mtendere a United Nations.

Koma tiphunzirepo pa amtengatenga. Mphunzitsi akalamula kuti mwana aliyense abwere ndi mbale ya mpunga, wopanda akwapulidwe, ndiye kuti tabwerera ku 1916. Agogo athu anasenza mitolo chifukwa Boma linalamula. Wathu ukhale wochokera pansi pa mtima, ngakhale utakhala pepala limodzi lokha.